Looper ndimayiyika kumapeto pa siteji, koma koyambirira mu situdiyo

HX Stomp ndi kabokosi kosinthira mamvekedwe a gitala, ka kampani ya Line 6, kamene kanatuluka mu 2018. Kali ndi mabatani atatu okha oponda ndi phazi, ndipo kamakwana m'thumba lakutsogolo la chikwama cha gitala. Kanga ndinagula kakale kwa mnyamata wina amene ankayimba m'matchalitchi a ku Johannesburg, atabwerako n'kusiya zoyimba. Ntchito zanga ndi ziwiri. Loweruka ndi Lamulungu ndimayimba ndekha m'zinkhoswe, m'maukwati ang'onoang'ono ndi m'malo odyera muno mu Blantyre. Mkati mwa sabata ndimakhala m'kachipinda kanga kojambuliramo, kukonza mamvekedwe a masewero a pa wailesi ndi timafilimu tachidule. Konseko ndimanyamula kabokosi komweka, koma momwe ndimakachunira pa siteji ndi mu situdiyo n'zosiyana kutalitali, ndipo kusiyanako kwagona pa malo amene ndayika looper, kachigawo kamene kamajambula kachidutswa ka zimene wayimba n'kumakabwereza mozungulira. Kachidutswa kozungulirako ndiko timati loop.

Mkati mwa kabokosika mawu a gitala amayenda mumzere, kudutsa m'tizigawo timene eni ake amati ma block. Poyamba ankalola asanu ndi limodzi, koma kuchokera pa firmware 3.0 ya mu 2020, imene ndi pulogalamu yoyendetsa kabokosika, amafika asanu ndi atatu. Looper ndi imodzi mwa ma block amenewa, ndipo mumayikankhira pamene mwafuna. Iyo imajambula zokhazo zimene zayipeza. Zimene zili kumbuyo kwake, zimene mawu adutsamo asanayifike, imazisunga monga zilili, osasinthanso. Zimene zili kutsogolo kwake zimakhudza chilichonse chotuluka mu loop, chakale ndi chatsopano chomwe.

Pa siteji mzere wanga umayenda chonchi: compressor yofananitsa mphamvu ya mawu, kenako chotsitsa mawu ndi octave imodzi, ampu ndi sipika yake yoyerekezera, EQ yokwezera kapena kudulira mawu akumunsi ndi akumwamba, delay yobwereza mawu mochedwerapo, looper, ndiye kumapeto kwenikweni ka reverb kakang'ono, kochititsa mawu kumveka ngati ali m'chipinda. Preset iliyonse, ndiye kuti mzere wa ma block umene ndausunga, ili ndi ma snapshot atatu, kutanthauza kuti ndingathe kuyatsa ndi kuzimitsa ma block angapo nthawi imodzi popanda mawu kudukiza. Snapshot yoyamba ndi ya kugunda: nsambo ndimazitsekereza ndi chikhatho, delay yozimitsa, EQ itadula mawu onse akumunsi, a pansi pa 150 Hz. Yachiwiri ndi ya besi, pamene octave imayaka. Yachitatu ndi ya lead, delay ili mkati. Popeza looper ili kumapeto, ndikajambula kugunda n'kusamukira ku besi, kugundako kumakhalabe kugunda. Ikanakhala koyambirira, kungoponda snapshot yachiwiri nyimbo yonse ikanamira, n'kusanduka besi yokhayokha.

Reverb ndimayisiya kutsogolo kwa looper dala. Mchira wake ukajambulidwa mu loop umadulidwa pa mfundo pamene mapeto akumana ndi chiyambi, ndipo khutu limamva kudumpha nthawi iliyonse nyimbo ikazungulira. Ikakhala kunja imaphimba mfundoyo, komanso zonse zimene ndasanjikiza zimamveka ngati zikuyimbidwa m'chipinda chimodzi.

Mabatani atatu amachepa. Kumbuyo kwa kabokosika kuli bowo lolowetsapo mabatani ena awiri, ndiye mmisiri wina wokonza mawailesi ku Ndirande anandilumikizira awiri m'kachitini ka aluminiyamu, ndi chingwe cha TRS. Amenewo ndi osinthira ma snapshot, ndipo batani la looper limakhala palokha kuti phazi lisasochere.

Tsono nkhani yaikulu ndi phazilo. Ukaponda koyamba nyale imayaka yofiira, ikujambula. Ukapondanso imasanduka yobiriwira, ikubwereza. Kachitatu imakhala yachikasu, ukusanjikiza zina pamwamba. Ukakanikiza osachotsa kwa sekondi imodzi imafufuta chimene wangowonjezera kumene, ndipo ukaponda kawiri mofulumira zonse zimayima. Izi munthu amaziloweza tsiku limodzi. Chimene chimatenga miyezi ndi kuponda kwachiwiri kuja, kotsekera loop. Ukachedwa ndi mamilisekondi 50 okha, kuchedwako kumalowa m'nyimbo ndipo kumabweranso pa mzungulire uliwonse mpaka utayimitsa. Anthu ovina sadziwa kuti vuto lili pati, koma mapazi awo amadziwa. Umangoona akuyamba kuyang'anana, wina n'kukakhala pansi.

Kuyimba mozungulira si zachilendo kwa ife. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, amene Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo, anayamba kuwajambula mu 1967, nyimbo zawo zambiri zinkayenda pa mzungulire waufupi wobwerezabwereza, kukoma kwake kuli pa zimene zikusintha pamwamba. Madalitso Band lero ndi anthu awiri basi, wina pa babatoni, wina pa gitala uku chidendene chikumenya ng'oma, koma bwalo lonse limadzuka. Choncho masekondi 60 amene looper ya HX Stomp imapereka mu mono, kapena 30 mu stereo, kwa ine ndi ochuluka zedi. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi, bala imodzi ya magundidwe anayi imatenga masekondi awiri, ndipo mabala anayi ndi masekondi 8. Nthawi zambiri sindipitirira pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu awiri akamayimba amamverana, wina akathamanga pang'ono mnzake amamutsatira. Makina satsatira munthu. Ndiwe uyenera kuwapatsa mzungulire wolongosoka kuyambira pachiyambi.

Pali msampha umodzi umene umakola makamaka ife oyimba zakwathu. Nyimbo zathu zambiri zovina zimayenda patatupatatu, ndipo gitala nthawi zambiri sayambira pamene phazi la wovina likutera. Amalowa msanga pang'ono, ndi manoti awiri kapena atatu okokera ku kugunda koyamba. Ukatsata khutu, uponda batani pa noti yoyamba ya gitala, kenako potseka uponda pa kugunda, ndiye loop imatuluka yotalika kapena yoperewera ndi kachidutswa. Mmene ndimachitira ine ndi motere. Ndimayamba kuyimba mzungulirewo osajambula, chidendene chakumanja chikugunda pansi, zala za phazi zili m'mwamba pang'ono pa batani. Ndikauzungulira kawiri thupi litakhazikika, ndimatsitsa phazi pa kugunda kumene wovina angatere, osati pamene gitala wayambira. Ndimayimba mpaka kumapeto, n'kuyimbanso manoti okokera aja ngati ndikupitiriza, ndipo phazi limatera pa kugunda komwe kuja dzanja lisanayime. Mwanjira iyi manoti okokerawo amajambulidwa kumchira kwa loop, ndipo ikazungulira amagwera pamalo pake. Dzanja likayima phazi lisanatere, pamatsala kampata kamene sungakatseke ndi chilichonse. Nsapato nazonso zili ndi gawo lake: ndimavala zopyapyala kunsi kuti ndizilimva batani, chifukwa nsapato ya ukwati ya chidendene cholimba imachedwetsa phazi.

Delay nayo iyenera kugwirizana ndi kayendedwe ka nyimbo. Masamu ake ndi ophweka: 60,000 kugawa ndi liwiro la nyimbo. Pa 120, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500. Anyamata ambiri oyimba m'matchalitchi amatengera pa YouTube delay ya mamilisekondi 375, imene imakoma kwambiri pa nyimbo zogawika panayi. Koma ukayiyika pa nyimbo yoyenda patatupatatu imalimbana ndi ng'oma. Pamenepo pamafunika 333, kapena 167 ngati ukufuna yothina. Looper iyi siwerenga liwiro la nyimbo payokha, choncho ndimayamba ndaponda tap tempo, batani louzira delay liwiro la nyimbo, ndisanajambule kanthu, chifukwa delay yolakwika ikalowa mu loop situlukamo.

Za kusanjikiza, ine ndimaona kuti magawo atatu ndi okwanira, anayi ndiye malire. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82 Hz, ndipo octave ikayitsitsa imafika pa 41 Hz, pamene pali nsambo yaikulu ya besi. Kuti makinawo asasokonezeke ndimayimba noti imodziimodzi ndi chala chachikulu, pa pickup ya kukhosi, tone nditayitsitsa. Kumunsi kumeneko ndimakusiyira besi yekha. Gawo lina lililonse limene likubwera ndimalichepetsa pakati pa 200 ndi 400 Hz, chifukwa apo ndi pamene mawu a gitala amaunjikana, ndipo ukasanjikiza makodi athunthu katatu zonse zimangokhala phala. Gawo lachitatu ndimaliyimba pa nsambo ziwiri zokha zakumwamba. Pamwamba pa zonsezo payenera kutsala malo a mawu anga, chifukwa anthu anabwera kudzamva nyimbo.

Pamenepa ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena okonda looping. Woyimba KT Tunstall atayimba yekha pa pulogalamu ya pa TV ya Jools Holland mu 2004 ndi pedulo ya Akai Headrush, kapena Ed Sheeran atadzaza bwalo la Wembley mu 2015 ali ndi gitala ndi looper basi, anthu ankasangalala kuonerera mmene nyimbo ikumangidwira. Kumangako kunali mbali ya chionetsero. Pa chinkhoswe sizili choncho. MC akangoti tsopano ndi nthawi ya akuchikazi, amayi anyamuka kale, ndalama za perekaniperekani zili m'manja, ndipo sangayime pabwalo mphindi ziwiri kudikira kuti woyimba amalize kusanjikiza. Ndiye ndimaonetsetsa kuti pofika mzungulire wachitatu kugunda ndi besi zikhale zitalowa, ndipo ndayamba kuyimba pakamwa. Zokometsera zimabwera pambuyo anthu akuvina kale. Ndimasankhanso nyimbo zoyenda pa mzungulire umodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, chifukwa looper ya mzere umodzi singakusungire vesi payokha ndi kolasi payokha. Amene akufuna zimenezo ayang'ane Boss RC-300 ya mu 2011, ya mizere itatu, kapena RC-505 ya mu 2013, ya mizere isanu, imene oyimba ndi pakamwa amayikonda chifukwa imayendetsedwa ndi manja.

Magetsi ndisawayiwale. Loop ya m'kabokosi kanga sisungidwa paliponse, magetsi akangophethira yapita, ndipo kabokosiko kamatenga kanthawi kuti kayakenso. Sikalandira mabatire. Choncho ndimayenda ndi ka UPS kakang'ono ka kompyuta, kosunga magetsi akathima, makamaka kumene akugwiritsa ntchito jenereta. Mnzanga amene amayimba m'misonkhano ya kumidzi ndinamulangiza za Zoom G1X Four, imene imayenda ndi mabatire anayi a AA ndipo looper yake ndi ya masekondi 30. Boss GT-1 nayo imalandira mabatire anayi, looper yake ndi ya masekondi 32. Pa nyimbo za mzungulire waufupi zimenezo n'zokwana. Kukamveka kulira kwa "mmmm" m'masipika, kawirikawiri ndi 50 Hz ya magetsi athu yolowa chifukwa zipangizo zalumikizidwa ku masoketi osiyana, ndipo DI box, kabokosi koyika pakati pa zipangizo zako ndi makina a masipika, yokhala ndi batani la ground lift imathetsa. Chithetseni musanajambule, chifukwa phokoso limene lalowera ku gitala limasanjikizika nalonso, gawo lililonse likuwonjezera lake.

Lolemba ndikalowa mu situdiyo, chinthu choyamba ndi kuyikoka looper ija n'kuyiyika kumayambiriro kwa mzere. Ndimayimba kachidutswa kamodzi, kouma, kopanda chokometsera chilichonse, n'kutseka loop, gitala n'kumukoleka pakhoma. Manja onse awiri tsopano ali pa timakono tosinthira mawu. Kachidutswa kaja kakuzungulira, ine ndikusintha ampu, ndikukweza feedback ya delay mpaka itatsala pang'ono kulusa, ndikusuntha chorus kuyiyika patsogolo pa distortion kenako pambuyo pake kuti ndimve kusiyana. Munthu sungaweruze bwino mamvekedwe uku ukuyimba, chifukwa theka la mutu lili pa zala, komanso umamva nsambo zenizenizo zikulira pamimba pako kuwonjezera pa zotuluka m'sipika. Ngakhale ma preset a pa siteji ndimawakonza mwanjira yomweyi, ndikamaliza ndiye looper n'kuyibwezera kumapeto.

Kabokosika kamalumikizika ku laputopu ndi USB n'kugwira ntchito ngati sound card. Mu Reaper, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, ndimatsegula mizere iwiri: wina umalandira USB 1 ndi 2, kumene kumabwera mawu atadutsa m'ma block onse, wina umalandira USB 5 ndi 6, kumene kumabwera gitala wouma monga walowera. Woumayo ndi chuma. Mwini filimu akabwera patapita sabata n'kunena kuti gitala akulira mwaukali kwambiri pamene mayi akulankhula, sindiyimbanso. Ndimangotumiza mawu ouma aja kubwerera m'kabokosi, n'kusintha ampu, n'kujambulanso zotuluka. Zonse za mafilimu ndimajambula pa 48 kHz ndi 24-bit kuti zisavute kwa wolumikiza zithunzi.

Njira yomweyo ndi imene imatsegula khomo la zinthu zimene si gitala. Chilichonse chimene chili mu kompyuta chingathe kudutsa m'kabokosika. Ndili ndi foda ya mawu amene ndimatola ndi kachojambulira ka m'manja: mvula pa malata, belu la njinga ya kabaza, chisekese, chitseko cha bafa chodandaula, munsi ukutera mu mtondo.

Mtondowo ndi umene unandithandiza pa sewero lina la pa wailesi. Panali gawo limene mayi wofedwa akulota ali kumanda usiku, ndipo wolemba sewero anangolemba kuti pamveke mantha. Kiyibodi ili ndi mawu ambiri oopsa opangiratu, koma onse amamveka ngati filimu yakunja, ndipo womvera wa ku Thyolo kapena ku Ntcheu sawamva m'thupi. Ndinatenga kugunda kumodzi kwa munsi, kojambulidwa chapafupi, gaga akumveka kuthetheka pansi pake. Ndinakutsitsa ndi octave imodzi, kugundako kunanenepa n'kutalika. Kenako reverse delay, kuti kugunda kulikonse kuzitsogozedwa ndi mpweya wokoka ngati chinthu chikubwera. Pamapeto reverb yaitali ya masekondi 8, nditadula zonse za pamwamba pa 3 kHz kuti pasakhale kuwala kulikonse. Ndinakuyika kuti kuzigunda mwapatalipatali, mochedwerapo kuposa mtima wa munthu wogona, ndipo pamene mayiyo akuyandikira manda ndinkakweza mix ya reverb ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka kugunda kwenikweniko kutamira. Palibe amene angaloze kuti uwu ndi mtondo, komabe khutu limene linakulira pakhomo posinja limamva kuti chinthuchi ndi chodziwika, ndipo chodziwika chikasanduka chachilendo ndi pamene tsitsi limayima. Kukweza kwa dzanja kuja ndinakujambula nthawi yomweyo pa USB 1 ndi 2. Mawu ouma ndimasunga nthawi zonse, koma kayendedwe ka dzanja pa kakono sikabwera kofanana kawiri, ndiye kakakoma ndimakasunga komweko.

Pa timafilimu tofuna nyimbo yofatsa ya pansi pa mawu a wolankhula, ndimagwiritsa ntchito kakono kamodzi ka looper kamene ambiri sakakhudza, kolembedwa Overdub. Kakakhala kokwezedwa mpaka pamapeto, chilichonse chimene wasanjikiza chimakhala mpaka kalekale. Ukakatsitsa pang'ono, zakale zimanka zizilala pa mzungulire uliwonse pamene zatsopano zikulowa. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa mapedulo onsewa. Wopeka nyimbo Terry Riley ankachita zimenezi ndi matepi mu 1963, ndipo Brian Eno ndi Robert Fripp analumikiza makina awiri a tepi a Revox, tepi ikuchoka pa oyamba kupita pa achiwiri n'kubweza mawu, pa chimbale chawo chimene chinatuluka mu 1973. Ine ndimasiya nyale ili yachikasu osayichotsa, volume ya gitala ndimayitsekula noti italira kale kuti kukhudza kwa chala kusamveke, ndipo ndimayika noti imodzi pa mzungulire uliwonse. Pakatha mphindi zingapo pamakhala nyimbo imene ikusintha osadziwika kuti yasintha liti, yosalimbana ndi munthu amene akufotokoza za munda wake pa filimupo. Pa ntchito iyi looper imabwerera pakati: ampu ndi delay kumbuyo kwake, reverb yaikulu kutsogolo.

Firmware ya mu 2020 ija inabweretsanso Shuffling Looper, imene imaduladula loop n'kusakaniza zidutswazo mwachisawawa. Pa gitala sindinayikonde kwenikweni, koma ndi chisekese imatulutsa magundidwe amene dzanja silingawaganize, ndipo ndimajambula mphindi zingapo n'kusankhamo mabala awiri abwino.

Chomaliza ndisanatumize ntchito ndi kuyimvera pa kawailesi kakang'ono ka sipika imodzi ndi pa foni, chifukwa ndi mmene anthu ambiri adzayimvere. Masipika a mu situdiyo amanyengerera. Kugunda kwa mtondo kuja kunkagwedeza tebulo, koma pa kawailesi kunangotsala kampweya, popeza sipika yaing'ono singatulutse mawu a pansi choncho. Mankhwala ake si kukweza besi. Ndinabwezera mawuwo m'kabokosi n'kuyika overdrive pang'ono mawu asanafike pa reverb, kuti ibale mawu ena pamwamba pa oyambawo, kawiri ndi katatu kake, amene kawailesi kangathe kuwanyamula, ndipo khutu limadzazira lokha kunsi kumene kukusowa. Ndimamveranso zonse mu mono, chifukwa chorus ndi delay zotambasula mu stereo nthawi zina zimadyana zikaphatikizidwa, gitala n'kupyapyala kapena kusowa kumene. Zikatero ndimachepetsa kutambasukako mpaka pa kawailesi pamveke bwino, kenako ndimatumiza mafayilo awiri, wa stereo ndi wa mono, aliyense ndi dzina lake lomveka kuti wa ku wailesi asasokoneze.